MUIZENBERG, MUDZI WA PA GOMBE LA NYANJA YAMCERE

Kumwera kwa Afrika, pafupi ndi kumene mtunda ulekeza, kuli mzinda waukuru dzina lace Cape Town. Mzindawo uli ndi midzi yambiri yaing'ono youzinga, monga nkhuku ndi anapiye ace. Anthu a m'midzi imeneyi salima minda ai. Ambiri alawira mamawa kukagwira nchito mumzinda, nabwerera kwao madzulo pa sitima ya pamtunda kapena pa galimoto. Umodzi wa midzi yotere ndiwo Muizenberg, umene uli pa mtunda wa makilomita ngati 25 kucokera pakati pa mzinda.

Mudziwu unapanikizika pakati pa phiri ndi nyanja. Kumbuyo kwace kuli phiri la matanthwe, lalitali mamita oposa 500. Kumaso kwace kuli nyanja yamcere ndi gombe la mcenga woyera. Ndipo pambali pace pali dambo lalikuru la madzi ndi bango. Malo atatu awa, gombe, phiri ndi dambo, sali a munthu mmodzi ai. Ali a anthu onse, ndipo ali yense akhoza kupitako kukapuma, kukasewera ndi kukaona zolengedwa. Koma sizinali cotero masiku onse. Ndiponso malo okomawa ali nazo zoopsya zace, zimene mlendo ayenera kuzidziwa.

1. Mbiri ya mudziwo

Anthu oyamba kukhala m'mbali mwa nyanjayi anali a mitundu ya San ndi Khoekhoe. Iwo anali kutola nkhono za m'nyanja pa matanthwe, nasiya miyulu ya zigoba imene ipezeka kufikira lero. M'phanga lina pafupi ndi Fish Hoek, mudzi woyandikana ndi Muizenberg, anthu anakumba m'caka ca 1927, napeza mafupa a anthu amene anakhalamo zaka zikwi zambiri zapitazo.

Pambuyo pace anafika Adachi, namanga kanyumba ka miyala kuti alonda ao azionerapo zombo za adani. Kanyumbako, kochedwa Het Posthuys, kali ciimire. Pa 7 Ogasiti 1795 zombo za Angelezi zinaomba mizinga pa asilikari a Adachi pamalo pomwepa. Adachi anathawa, ndipo mwezi wotsatira Angelezi analanda dziko la Cape.

Mbali ya nyanja imene mudziwu uyang'anako inalowa kumtunda ngati uta, ndipo ichedwa False Bay, ndiko kunena dooko lonyenga. Amalinyero akale pocokera kum'mawa anali kulowamo poyesa kuti afika pa dooko la Cape Town, bwino lace nazindikira kuti asokera.

Njanji inafika ku Muizenberg m'caka ca 1882, nifika ku Simon's Town m'caka ca 1890. Kuyambira pamenepo anthu olemera anayamba kumangako nyumba zopumuliramo. Mmodzi wa iwo anali Cecil Rhodes, amene kampani yace inalanda maiko ochedwa lero Zambia ndi Zimbabwe, niperekanso ndalama zoyendetsera boma la Azungu ku Nyasaland m'zaka zace zoyamba. Munthu wa cuma cambiri cotere anamwalirira m'kanyumba kakang'ono ka ku Muizenberg pa 26 Marichi 1902, ndipo kanyumbako kakalipo m'mbali mwa mseu.

2. Makhalidwe a nyanja yamcere

Mwana wozolowera Nyanja ya Malawi akafika ku Muizenberg adzazizwa ndi zinthu zitatu.

Coyamba ndico mcere. Madzi a nyanjayi samweka. Munthu akamwa, ludzu lace likula. M'lita imodzi ya madzi muli mcere wolemera magalamu 35, ndiwo masupuni ang'ono ngati 6. Mcerewo uwawa m'maso ndi pa bala, komanso uthandiza thupi kuyandama, kotero kuti kusambira m'nyanja yamcere kupepuka pang'ono kuposa mumtsinje.

Caciwiri ndico kudzala ndi kuphwa kwa madzi. Nyanja ya Malawi ikwera mvula ikagwa, nitsika m'cirimwe, pang'ono pang'ono. Koma nyanja yamcere ikwera kawiri nitsika kawiri tsiku liri lonse. Kwa maora ngati 6 madzi adza kumtunda, nabisa mcenga ndi miyala; kwa maora ena 6 abwerera, nasiya gombe lalikuru poyera. Cimene cicititsa izi ndi mwezi, umene ukoka madzi a dziko lapansi ndi mphamvu yosaoneka. Dzuwa nalonso likoka, koma mphamvu yace pa madzi icepa. Pamene mwezi uli wathunthu, ndi pamene wafa, dzuwa ndi mwezi zikoka pa mzere umodzi. Masiku amenewo madzi akwera koposa, naphwanso koposa. Tsiku ndi tsiku nthawi ya kudzala icedwa ndi mphindi ngati 50. Cifukwa cace asodzi ndi osambira ayamba afunsa za madzi asanacoke kunyumba. Mlendo amene ayala zobvala zace pafupi ndi madzi ataphwa, napita kukasewera, adzazipeza zitanyowa, kapena osazipeza konse. Safunsa anadya phula.

Cacitatu ndico nyengo ndi mphepo. Ku Cape mvula igwa m'miyezi ya cisanu, Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene ku Malawi kuli kouma. Ndipo Disembala ndi Januwale, miyezi ya dzinja ku Malawi, kumeneko ndiyo miyezi ya dzuwa. M'miyezi yotenthayo kuomba mphepo yamphamvu yocokera pakati pa kumwera ndi kum'mawa, mbali yomweyo imene ucokera mwera wa pa Nyanja ya Malawi. Anthu aicha Cape Doctor, ndiye sing'anga wa ku Cape, poti isesa utsi ndi pfumbi la mumzinda. Mphepoyo ikankhira madzi ofunda apamwamba kulowa mu False Bay; koma kuseri kwa mapiri, ku gombe la kumadzulo, iwacotsa kugombe, ndipo madzi ozizira apansi akwera m'malo mwao. Ndico cifukwa cace madzi a ku Muizenberg afunda kuposa a kuseriko, ndipo anthu akonda kusambirako.

3. Pa gombe

Gombe la Muizenberg ndi lalitali, lopita kum'mawa makilomita ambiri, ndipo mcenga wace utsetsereka pang'ono pang'ono kulowa m'madzi. Munthu akhoza kuyenda m'madzi mtunda ndithu asanafike pakuya. Pamcengapo pandanda tinyumba ta matabwa, topakidwa utoto wofiira, wacikasu, wobiriwira ndi wonga thambo. Anthu sagonamo ai. Tinamangidwa kuti osambira azisinthiramo zobvala. Tinyumbati tachuka kwambiri, ndipo zithunzi zace zipezeka m'mabuku a m'maiko ambiri.

Sewero lochuka pamenepo ndilo kukwera mafunde pa thabwa. Munthu atenga thabwa lopepuka, lalitali kuposa iye mwini, nagonapo cafufumimba, napalasa ndi manja kunka kumene mafunde ayambira. Funde likadza, iye alozetsa thabwa kumtunda, napalasa msanga kufikira fundelo limnyamula. Pomwepo adzuka naimirira, ndipo funde limtengera kugombe ali ciriri. Wophunzira agwa kambirimbiri, namwa madzi amcere, anzace namseka. Koma mafunde a ku Muizenberg ndi ofatsa, odza limodzi limodzi mwa dongosolo, ndipo cifukwa ca ici anthu ambiri a m'dzikomo aphunzirira pomwepo. Seweroli si la dzulo ai: mlembi wa mabuku wa ku England, Agatha Christie, anasewera ndi thabwa pa mafunde omwewa m'caka ca 1922.

Si onse adza kudzasewera. Masiku ena afika asodzi a khoka, amene ali ndi cilolezo ca boma. Mmodzi akwera pamalo okwezeka kuyang'ana mdima wa nsomba m'madzi. Akauona apatsa anzace cizindikiro. Iwo akankhira bwato m'mafunde, napalasa mozinga nsombazo alikuponya khoka. Cingwe cimodzi citsala kumtunda, cinzace abwera naco. Pamenepo magulu awiri akoka, monga momwe acitira asodzi a ku Mangochi ndi ku Nkhotakota. Nsomba zimene agwira kawirikawiri zichedwa harder ndi yellowtail.

Masiku a khamu lalikuru ndiwo 26 Disembala ndi 1 Januwale. Mabanja zikwi zambiri afika ndi mitanga ya zakudya ndi maambulera, kufikira mcenga suonekanso. M'khamu lotere mwana asokera msanga. Motero akuru a mzinda anakonza njira: pofika pa gombe mwana abvekedwa kalamba pa dzanja, kokhala ndi nambala, ndipo dzina la kholo lace ndi nambala ya telefoni zilembedwa. Mwana akapezeka alikulira yekha, anchito awerenga kalambako, naitana kholo. Mowa ndi woletsedwa pa gombe, pakuti munthu woledzera saopa madzi, ndipo aiwala ana ace.

4. Zoopsya ziwiri

Nyanja yamcere siseka ndi munthu. Coopsya coposa zonse si cirombo ai, koma madzi omwe. Mafunde atula madzi ambiri kumtunda, ndipo madziwo ayenera kubwerera. Pena apeza mpata pakati pa mitumbira ya mcenga ya pansi pa madzi, nathamangira pomwepo kunka kwakuya, ngati mtsinje waliwiro woyenda m'kati mwa nyanja. Malo otere anyenga, pakuti mafunde saswekapo kwambiri, ndipo madzi ace aoneka abata ndi akuda pang'ono. Wosadziwa ayesa kuti ndipo pabwino posambira. Munthu akagwidwa ndi mtsinjewu asalimbane nao pofuna kubwerera molunjika kumtunda, cifukwa ngakhale katswiri alema namira. Ayenera kudekha, kuyandama, ndi kukweza dzanja limodzi kuti amuone. Kapena asambire copingasa, motsata gombe, kufikira ataturuka m'mtsinjemo, pakuti suli wotakata.

M'nyengo yotentha pa gombe pakhala anyamata ndi atsikana ophunzitsidwa kupulumutsa omira. Iwo ayang'ana mayendedwe a madzi, nazika mbendera ziwiri za maanga ofiira ndi acikasu. Pakati pa mbenderazo ndipo posambira. Bungwe lopulumutsa anthu pa nyanja, lochedwa NSRI, limene linayamba m'caka ca 1967, lapacika zoyandamitsa zofiirira pa magombe ambiri kuyambira 2017, kuti amene aona mnzace alikumira amthandize nazo. Kuba coyandamitsa cotere ndiko kuba moyo wa munthu.

Coopsya cina ndico shaki, nsomba yaikuru ya mano akuthwa. Shaki sisaka anthu. Cakudya cace ndi nsomba zinzace ndi nyama za m'madzi zochedwa seal, zonga akatumbu akuru, zimene zicuruka pa cisumbu ca miyala m'kati mwa False Bay. Koma nthawi zina iluma wosambira. Ku magombe ena anthu achera maukonde opha shaki, amene aphanso akamba ndi nyama zina zosalakwa. A ku Muizenberg anapeza nzeru ina m'caka ca 2004. Popeza phiri liri pafupi ndi gombe, anaika mlonda pamwamba, m'mbali mwa mseu wochedwa Boyes Drive, ali ndi magalasi oonera patali ndi wailesi ya m'manja. Kucokera pamenepo shaki ioneka ngati mthunzi wakuda woyenda m'madzi. Mnzace akhala pa gombe ndi mbendera zinai. Yobiriwira itanthauza kuti madzi ayera, mlonda aona bwino, ndipo shaki palibe. Yakuda itanthauza kuti madzi abvunduka, ndipo mlonda saona bwino. Yofiira icenjeza kuti shaki yaoneka posacedwa. Yoyera ikakwezedwa, lipenga lilira, pakuti shaki iri pafupi. Ndipo onse aturuka m'madzi.

Alondawa achedwa Shark Spotters. Ku Fish Hoek, kuyambira 2013, aikanso ukonde wa maso ang'ono wongochinga malo osambira. Auika mamawa naucotsa madzulo, kuti usakole nyama. Kuyambira 2017 shaki zoyera zazikuru zacepa kwambiri mu False Bay, koma za mitundu ina zikalipo, ndipo alonda sanaleke nchito yao. Mwa njira iyi anthu asambira, ndipo shaki nazonso zikhala ndi moyo.

5. Njira ya m'mbali mwa nyanja

Amene safuna kusambira ali nazo njira zoyendamo. Kucokera pa siteshoni ya Muizenberg pali njira ya miyendo yomangidwa ndi simenti, yosakwana makilomita 2, yopita ku mudzi wa St James. Dzanja lina kuli njanji, dzanja lina nyanja. Madzi akadzala, mafunde aomba pa khoma nawaza oyenda, ana nakuwa ndi cimwemwe. Njirayo iribe citunda, ndipo nkhalamba ndi amai a makanda aiyenda osabvutika.

Ku St James kuli thamanda lomangidwa ndi anthu. Anamanga khoma pa matanthwe; madzi akadzala alumpha khomalo, nadzaza thamanda ndi madzi atsopano, ndipo akaphwa madziwo atsalira m'kati. M'menemo mulibe mafunde akuru kapena shaki, ndipo ana aang'ono aphunziriramo kusambira. Pa matanthwe a pafupi patsala zithaphwi zokhala ndi nkhanu, nkhono, tinsomba, tamoyo tonga nyenyezi, ndi tina tonga maluwa timene tidzipinda munthu akatikhudza. Mwana wothamanga saonamo kanthu. Wokhala cete aona zambiri, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Patsogolo pang'ono pali dooko la asodzi la Kalk Bay. Kalk ndi mau a Cidachi otanthauza njereza, cifukwa kale anthu anali kuocha zigoba za nkhono kumeneko kuti apeze njereza yomangira nyumba. Zombo zazing'ono zibwera ndi nsomba zazitali zochedwa snoek, ndipo ogulitsa azitumbula pomwepo, nyama zija za seal zirikudikira matumbo m'mphepete.

Kuyambira Juni kufikira Novembala woyenda m'njirayi akhoza kuona anamgumi. Namgumi si nsomba ai, ngakhale akhala m'madzi. Apuma mpweya, abala mwana wamoyo, namyamwitsa monga ng'ombe. Wamkuru atalika mamita ngati 15. Acokera ku nyanja zozizira za kumwera kweni kweni, nadza kumadzi abata a m'mphepete kudzabala. Kale asodzi a ku Kalk Bay anali kuwapha cifukwa ca mafuta ao, ndipo m'nyanja zonse anatsala pang'ono kutha. Koma m'caka ca 1935 maiko anapangana kuleka kupha mtundu umenewu, ndipo pang'ono pang'ono anacurukanso. Lamulo liletsa bwato lopanda cilolezo kuyandikira namgumi kuposa mamita 300.

Wokwera sitima kufikira Simon's Town aona mbalame zochedwa pengwini pa gombe la Boulders. Mbalamezi siziuluka, ziyenda coimirira ngati tianthu, nizisambira ndi mapiko. Zinayamba kukhala pamenepo m'caka ca 1982. Cakudya cao ndi tinsomba tonga usipa, timene tacepa m'nyanja, ndipo m'caka ca 2024 anzeru anaziwerenga pakati pa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutha.

6. Njira za m'phiri

Phiri la kumbuyo kwa mudzi liri m'kati mwa malo osungidwa ndi boma, ochedwa Table Mountain National Park, amene anakhazikitsidwa m'caka ca 1998. Njira za miyendo ziyambira pa Boyes Drive, nizikwera pa makwerero a miyala. Wokwera apuma befu, koma akafika pamwamba aona False Bay yonse, ndi mafunde ondondozana ngati mizere ya m'munda. Pamwamba pa Kalk Bay pali mapanga, ndi zigwa za mthunzi zokhala ndi mitengo yakale yochedwa yellowwood. M'menemo anayala matabwa, kuti mapazi a anthu asaononge mizu. Ku Silvermine kuli dziwe lomangidwa m'caka ca 1898, kumene mabanja apita ndi kamba wao, atalipira ndalama pa cipata.

Thengo la m'phirimo lioneka lacabe kwa mlendo, pakuti mitengo ikuruikuru icepa, ndipo zicuruka ndi zitsamba za masamba ang'ono olimba. Thengo lotere alicha fynbos. Koma m'dera la Cape muli mitundu ya zomera ngati 9,000, ndipo yoposa theka simera kwina kuli konse pa dziko lapansi. Cifukwa cace m'caka ca 2004 bungwe la UNESCO linawerenga deralo pakati pa cuma ca anthu a maiko onse. Duwa lace lochuka ndilo protea, ndipo mtundu wace waukuru ndiwo duwa la dziko la South Africa. Abale ace a duwali amera ku Nyika ndi ku Mulanje.

Cozizwitsa ca thengoli ndico cakuti lifuna moto. Zitsamba zina zisunga mbeu zao m'zikho zolimba, zimene zitseguka moto utapita. Mbeu zina ziri ndi kanthu konona pa nsonga. Nyerere zizinyamulira kuuna kwao, nizidya kononako, nizisiya mbeu pansi pa nthaka, kumene mbewa ndi moto sizifika. Moto ukadutsa, mvula nigwa, mbeuzo zimera pa phulusa. Pa 1 Marichi 2015 moto waukuru unabuka m'phiri la Muizenberg, nuyaka masiku angapo, nutentha mahekitala oposa 5,000 ndi nyumba zina. Phiri linada bii. Koma patapita masiku owerengeka maluwa ofiira anaturuka pa phulusa, ndipo mvula itagwa thengo linaphukanso.

Komatu moto woyenera ndiwo wobwera patapita zaka 10 kapena 15. Ukabwera pafupipafupi, zitsamba zipsya zisanabale mbeu, ndipo mtundu wao utha. Cifukwa cace kusonkha moto m'phiri ndi koletsedwa, kupatula pamalo okonzedwa. Mdani wina ndiyo mitengo yacilendo, monga paini ndi mitengo ina ya ku Australia, imene imwa madzi ambiri, nipanikiza zomera za eni dziko, niyaka ndi moto waukali. Magulu a anchito aidula caka ndi caka.

Woyenda m'phiri ali ndi malamulo ace. Asayende yekha, pakuti akhoza kuthyoka mwendo, ndipo nthawi zina acifwamba abisala m'njira. Anene kunyumba kumene apita. Atenge madzi, cisoti ndi cobvala cofunda, cifukwa mtambo utsika modzidzimutsa. Ayang'ane poponda, pakuti mphiri siithawa munthu. Asathyole maluwa. Ndipo akakomana ndi anyani asawapatse cakudya. Nyani wozolowera cakudya ca anthu ayamba kulowa m'nyumba, ndipo mapeto ace aphedwa.

7. Dambo la Zandvlei

Dzina lakuti Zandvlei litanthauza dambo la mcenga. Timitsinje tocokera kumapiri tithira m'dambomo, ndipo mtsinje waufupi uliturutsira kunyanja. Madzi akadzala, amcere alowa nasakanizika ndi ozuna. Madzi otere ndi osaya, ofunda, ndi a cakudya cambiri. Motero tiana ta nsomba za m'nyanja tilowamo kudzakulira kumene adani acepa, ndipo tikakula tibwerera kunyanja. M'nyengo yotentha mcenga utseka pakamwa pa mtsinjewo, ndipo anchito a mzinda apatsegula ndi makina pa masiku amene madzi akwera koposa, kuti nsomba zipeze polowera.

M'mbali mwa dambo muli kapinga ndi mitengo ya mthunzi, ndi malo oocherapo nyama. Ana amenya mpira, ena apalasa timabwato, ena ayenda m'tinjira ta m'bango kukaona mbalame, zimene mitundu yace iposa 100. Mwana wa ku Malawi adzazindikira vuwo ndi kakowa, ndipo akamva kulira kwa nkhwazi adzakumbuka kwao.

Kumeneko kukhalanso cule wamkuru wa maanga onga a nyalugwe, amene sapezeka kwina koma ku Cape, ndipo watsala pang'ono kutha. M'mwezi wa Ogasiti aculewa acoka m'minda ya maluwa ya anthu usiku kunka kumadzi kukaikira mazira, ndipo ambiri apondedwa ndi magalimoto. Anthu ena odzipereka aturuka ndi nyali m'mvula ndi m'cisanu, nawanyamula kuwaolotsa mseu.

8. Masiku amene gombe linali la ena okha

M'caka ca 1953 boma la tsankho la South Africa linaika lamulo lakuti malo opumulirako agawidwe monga mwa khungu la munthu. Pa magombe anaimika zikwangwani. Magombe abwino, ofikirika msanga ndi a madzi ofatsa, monga la Muizenberg, anakhala a Azungu okha. Anthu ena anapatsidwa magombe akutali, ndipo ena a iwo anali a madzi oopsya. Mai wakuda anali kuloledwa kufika pa mcenga polera mwana wa Mzungu, koma wosaloledwa kudza ndi ana ace a iye mwini kudzasambira. M'caka ca 1967 mudzi wa Simon's Town unalengezedwa kukhala wa Azungu, ndipo mabanja amene anakhala pafupi ndi nyanja mibadwo yambiri anasamutsidwira ku Ocean View, kutali ndi madooko ao.

Anthu sanakhale cete. M'mwezi wa Ogasiti 1989 Bishopu wamkuru Desmond Tutu anatsogolera khamu kunka ku magombe oletsedwa a Strand ndi Bloubergstrand, ndipo apolisi anawathamangitsa ndi agaru ndi zikoti. Koma mwezi wa Novembala caka comweco mtsogoleri wa dziko, F. W. de Klerk, ananena kuti magombe atsegulidwe kwa onse, ndipo lamulo lija linafafanizidwa m'caka ca 1990. Lero pa mcenga wa Muizenberg pamveka zinenero zambiri, ndi Cicewa comwe, pakuti Amalawi ambiri agwira nchito ku Cape Town. Ana amene makolo ao sanaloledwe kupondapo alikuphunzira kukwera mafunde.

9. Kusunga malo a onse

Cinthu ca onse cionongeka msanga ngati ali yense ayesa kuti wina ndiye adzacisamala. Mapepala a pulasitiki otayidwa mumseu atengedwa ndi mvula kulowa m'mitsinje, nafika m'dambo ndi m'nyanja, kumene akola mbalame ndi kutseka matumbo a akamba. Nthawi zina zonyansa za m'mipope zitayikira mu Zandvlei, ndipo akuru aletsa anthu kulowa m'madzimo kufikira atayera. Cifukwa ca ici anthu ena a m'mudzimo asonkhana mwezi ndi mwezi, pamene mwezi wafa ndi madzi aphwa koposa, natola zinyalala m'matanthwe popanda malipiro.

Mudzi uli wonse uli ndi malo ace a onse, ngakhale uli kutali ndi nyanja yamcere: dooko la pa mtsinje, dambo lodyetsako ng'ombe, nkhalango ya mudzi, ndi bwalo la mthunzi. Malo otere akhala okoma pamene palibe woletsedwa kufikako, pamene odziwa acenjeza osadziwa za zoopsya zace, ndi pamene ali yense awasiya monga anawapeza.

Mafunso

1. Ncifukwa ninji madzi a nyanja yamcere adzala ndi kuphwa?
2. Munthu akagwidwa ndi mtsinje wa m'nyanja acite ciani?
3. Mbendera zinai za alonda a shaki zitanthauzanji?
4. Nyerere zithandiza bwanji thengo la fynbos?
5. Lamulo la 1953 linacita ciani pa magombe, nanga linatha liti?
6. Chulani malo a onse a m'mudzi mwanu, ndipo nenani amene awasamala.